Daniel Boone: Malo Adali a Yani?

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, phunziro la m'kope lino likuchokera ku America wa zaka zoposa 200 zapitazo.

M'chaka cha 1799, mkulu wina wa zaka 64 adagwetsa chimtengo, nachisema kukhala bwato, nakwezamo mkazi wake ndi katundu wa m'nyumba. Iye mwini adayenda pamtunda akukusa ziweto. Banjali linkatuluka m'dziko la United States kupita ku Missouri, dera lomwe pa nthawiyo lidali m'manja mwa Spain. Mkuluyo adali Daniel Boone. Ndiye adalambula njira yomwe anthu zikwizikwi adadzera polowa m'dera la Kentucky. Adatsogolera asilikali pa nkhondo yomwe idapatsa America ufulu, ndipo ana ake aamuna awiri adaphedwa polimbirana dera lomwelo. Komabe ankachoka ali ndi ngongole, milandu ya malo ikumulondola. Powerenga moyo wake tisunge funso limodzi m'mutu: malo amene anthu onsewa ankaferawo adali a yani?

Mwana wa kumalire

Daniel Boone adabadwa mu 1734 ku Pennsylvania, limodzi mwa madera 13 a m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic omwe ankalamulidwa ndi mfumu ya ku Britain. Bambo ake, Squire Boone, adachokera ku England ndipo adali woomba nsalu komanso wosula zitsulo. Banjali lidali la mpingo wa Quaker, wodziwika ndi kukana nkhondo, koma bambowo adachotsedwa mumpingo ana awo awiri atamanga mabanja ndi anthu akunja. Mu 1750 adasamuka, nakakhazikika m'chigwa cha mtsinje wa Yadkin ku North Carolina.

Daniel sadapite patali ndi sukulu. Ankatha kuwerenga ndi kulemba, koma luso lake lenileni lidali ulenje. Mu 1755 adalembedwa ntchito yoyendetsa ngolo m'gulu la nkhondo la General Edward Braddock lomwe linkapita kukamenyana ndi Afalansa. Gululo lidagonja moipa pafupi ndi mtsinje wa Monongahela, ndipo Boone adapulumuka pothawa pa kavalo wa ngolo yake. Chaka chotsatira adakwatira Rebecca Bryan, amene adabereka naye ana 10. Ankadyetsa banjali pogulitsa zikopa za agwape. Nyama zikachepa pafupi ndi mudzi, mlenje ankayenera kupita patali, ndipo ngongole zinkamukankhiranso komweko.

Kumadzulo kwa madera a Azunguwa kuli mapiri a Appalachian. Azungu ankati kumeneko ndi kumalire, kothera dziko. Kwa eni nthaka, monga mitundu ya Shawnee, Cherokee ndi Lenape, kumeneko kudali pakati penipeni pa kwawo. Mu 1763 mfumu George III idaletsa Azungu kumanga midzi kuseri kwa mapiriwo pofuna kupewa nkhondo ndi eni nthaka. Lamuloli lidakwiyitsa osauka osowa minda, lidakwiyitsanso olemera ofuna kugula malo motchipa kuti adzagulitse mokwera. Magulu onsewa sadalilabadire.

Chenjezo loyamba

Mu May 1769 Boone ndi anzake asanu adadutsa pa mpata wa mapiri wotchedwa Cumberland Gap, nalowa mu Kentucky. Adapeza udzu wobiriwira, akasupe a mchere ndi magulu a njati. Midzi sadaione, ndipo kwa iwo dziko lopanda midzi lidali dziko lopanda mwini. Apa mpamene adaphonya. A Shawnee ankakhala kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, a Cherokee kumwera, ndipo onsewo ankasaka mu Kentucky kuti apeze nyama ya m'nyengo yozizira ndi zikopa zogulira nsalu ndi zida. Tonse tikudziwa kuti tsala lili ndi mwini ngakhale mwatha zaka musanalowe khasu.

Mu December chaka chomwecho a Shawnee adagwira Boone ndi mnzake. Sadawaphe. Adawalanda zikopa ndi akavalo, nawapatsa zochepa zowafikitsa kwawo, nawachenjeza kuti asadzabwerenso. Kwa a Shawnee anthuwa adali opha nyama m'dziko la eni popanda chilolezo. Boone sadamvere. Adakhala mu Kentucky mpaka 1771, akuphunzira mitsinje ndi njira zake zonse.

Mu September 1773 adanyamuka ndi banja lake pamodzi ndi anthu pafupifupi 50 kuti akamange mudzi. Ali m'njira, mu October, kagulu kena komwe kadatsalira m'mbuyo kadachitidwa chiwembu. Mwana woyamba wa Boone, James, wa zaka 16, adaphedwa. Ulendo udathera pomwepo.

Wogulitsa adali ndani?

Azungu ankafuna pepala losonyeza kuti malowo adagula. Mu 1768, pa pangano la ku Fort Stanwix, a Iroquois a ku New York adapereka kwa Britain dziko la kumwera kwa Ohio, kumene iwo sankakhala. A Shawnee sadavomereze. Mu 1774 dera la Virginia lidamenyana ndi a Shawnee nkuwakakamiza kusiya Kentucky. Pa nkhondo imeneyi Boone adapatsidwa udindo wa kaputeni.

Mu March 1775, Richard Henderson, yemwe kale adali woweruza ku North Carolina, adakumana ndi mafumu a Cherokee ku Sycamore Shoals. Kampani yake ya Transylvania idagula maekala pafupifupi 20 miliyoni ndi katundu wa mtengo wa mapaundi pafupifupi 10,000. Mtsogoleri wina wachinyamata, Dragging Canoe, adatsutsa poyera, nachenjeza kuti dzikolo lidzakhala la magazi. Malamulo a Britain sankalola munthu wamba kugula malo kwa eni nthaka, ndipo pambuyo pake Virginia idathetsa malondawo.

Panganolo lisanasainidwe nkomwe, Henderson adali atatuma kale Boone ndi amuna pafupifupi 30 onyamula nkhwangwa. Adalambula njira kudutsa Cumberland Gap mpaka pa mtsinje wa Kentucky, ndipo mu April 1775 adayamba kumanga linga lotchedwa Boonesborough. Mwezi womwewo, pa 19 April, mfuti zoyamba za nkhondo ya ufulu wa America zidalira ku Lexington ndi Concord.

Msilikali wa m'mudzi

Kum'mawa, George Washington adali ndi asilikali olembedwa ntchito. Kumalire kudalibe otere. Kudali gulu la amuna wamba lomwe Azungu amalitcha militia. Mwamuna aliyense wamphamvu ankalembedwa m'gulu la dera lake, nkubwera ndi mfuti yakeyake akaitanidwa, nkubwerera kumunda ngozi ikadutsa. Mtsogoleri wa gulu lotere ankalamula anansi ake, omwe ankatha kumutsutsa pamaso. Ulamuliro wake unkadalira ulemu womwe anthuwo ankamupatsa.

Kumalire nkhondo ya ufulu idali nkhondo ya malo. Eni nthaka ambiri adaona kuti America akapambana, palibenso woletsa Azungu kudutsa mapiri. Britain idawapatsa mfuti ndi onga kudzera ku Detroit, komwe kudali bwanamkubwa Henry Hamilton. Pa 14 July 1776, patangopita masiku 10 America atalengeza ufulu wake, mwana wamkazi wa Boone, Jemima, ndi atsikana awiri a banja la Callaway adagwidwa ali m'bwato. Boone adalondola mapazi nkuwapulumutsa pasanathe masiku atatu. Ena mwa a Shawnee ankafunabe mtendere, koma mu November 1777 mfumu yawo Cornstalk, yomwe idapita mwamtendere ku Fort Randolph, idaphedwa ndi asilikali a America ili m'manja mwawo. Ofuna mtendere adasowa chonena.

Mkaidi amene adasanduka mwana

Mu January 1778 mchere udatha mu Boonesborough, ndipo popanda mchere nyama sinkasungika. Boone adatenga amuna pafupifupi 30 kukaphika mchere pa akasupe a Blue Licks, m'mbali mwa mtsinje wa Licking. Pa 7 February, ali yekha kosaka, adagwidwa ndi ankhondo oposa 100 a mfumu Blackfish omwe ankapita kukathira nkhondo lingalo. Boone ankadziwa kuti mpanda wa linga sudathe kumangidwa ndipo m'katimo mwatsala amayi ndi ana ambiri. Adauza Blackfish kuti amupatsa amuna ophika mcherewo popanda kumenyana, malinga asaphedwe, ndipo kuti nyengo yozizira ikatha adzamuperekeza kukatenga ena onse. Blackfish adavomera nabwerera kwawo ndi akaidi.

Mwa mwambo wa Shawnee, mkaidi ankatha kulowa m'banja m'malo mwa wachibale amene adafa. Blackfish adatenga Boone kukhala mwana wake, namutcha Sheltowee, kutanthauza Kamba Wamkulu. Atapita naye ku Detroit, Hamilton adafuna kumuwombola ndi mapaundi 100, koma Blackfish adakana. Boone adakhala nawo miyezi inayi akusaka ndi kudya nawo pamodzi. Pa 16 June, atazindikira kuti akukonzekera kukathira nkhondo Boonesborough, adathawa, nayenda makilomita pafupifupi 260 m'masiku osapitirira asanu. Atafika adapeza kuti Rebecca, poganiza kuti mwamuna wake adafa, adabwerera ku North Carolina ndi ana.

Pa 7 September Blackfish adafika ndi ankhondo oposa 400, nakumbutsa mwana wakeyo za lonjezo lija. A m'linga adakana kugonja. Nkhondo idatenga masiku oposa 10. A Shawnee adayesa kukumba ngalande ya pansi kuti alowe m'lingamo, koma mvula idaigumula, ndipo pa 18 September adachoka. Mwa anthu awiri omwe adaphedwa poteteza lingalo, mmodzi adali kapolo wakuda wotchedwa London.

Mapanga awiri avumbwitsa, adatero akale. Blackfish adaona Boone ngati mwana wophwanya lonjezo. Anzake ena adamuona ngati wogulitsa abale ake. Richard Callaway ndi Benjamin Logan adamuimba mlandu pa bwalo la asilikali. Boone adayankha kuti zonsezo adachita pofuna kupulumutsa miyoyo. Bwalo lidamupeza wosalakwa ndipo adakwezedwa kukhala meja, koma sadakhalenso mu Boonesborough. Adakamanga mudzi wina wotchedwa Boone's Station.

Tsiku la ku Blue Licks

Mu 1780 Boone adakhala lieutenant colonel wa asilikali a dera la Fayette, ndipo chaka chotsatira adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Virginia. Mu October 1781 asilikali a Britain adagonja ku Yorktown. Mabuku ambiri amatsekera nkhani ya nkhondoyi pamenepa, koma kumalire magazi adapitirira kukhetsedwa. Mu March 1782 asilikali wamba a ku Pennsylvania adapha anthu 96 a mtundu wa Lenape pa mudzi wa Gnadenhutten, anthu opanda zida, ambiri mwa iwo amayi ndi ana.

Mu August chaka chomwecho, asilikali a Britain ndi eni nthaka adazinga linga la Bryan Station, kenako nkubwerera. Amuna pafupifupi 180 a ku Kentucky adawatsatira. Pa 19 August adafika pa mtsinje wa Licking, pomwe Boone adagwidwira paja. Iye adaona kuti adaniwo akusiya zizindikiro dala, ndipo ankadziwa kuti kutsidyako kuli zigwembe zobisalamo. Adalangiza kuti adikire Logan, amene ankabwera m'mbuyo ndi gulu lalikulu. Koma meja wina, Hugh McGary, yemwe adali atanyozedwa kuti ndi wamantha, adalowetsa kavalo wake mumtsinje akuitana aliyense wosakhala wamantha kuti amutsate. Anthu adamutsata, Boone nayenso adawoloka. M'mphindi zochepa amuna pafupifupi 70 adafa, pakati pawo Israel Boone, wa zaka 23, amene adagwa pafupi ndi bambo ake. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Amuna ameneŵa adaopa kutchedwa amantha kuposa kuopa msampha womwe adauzidwa.

Mu November, Boone adapita nawo ndi George Rogers Clark kukatentha midzi ndi chimanga cha a Shawnee ku Ohio. Mu 1783, pa pangano la ku Paris, Britain idapereka kwa America dziko lonse mpaka mtsinje wa Mississippi. Eni nthaka omwe adamenya nkhondo kumbali yake sadatchulidwe m'panganomo.

Pepala lidaposa nkhwangwa

Nkhondo itatha, Boone adakhala woyeza malo, wamalonda ndi mwini nyumba ya alendo ku Limestone, komwe lero ndi Maysville. Pa nthawi ina adali ndi zikalata za maekala zikwi makumi ambiri. Kaundula wa msonkho wa 1787 akusonyeza kuti adalinso ndi akapolo 7. Anthu amene adalengeza kuti onse adalengedwa ofanana adadutsa mapiri akukusa anthu anzawo ngati katundu. Pofika 1800 Kentucky adali ndi anthu oposa 220,000, ndipo oposa 40,000 mwa iwo adali akapolo.

Lamulo la malo la Virginia la 1779 lidali ndi masitepe angapo. Munthu ankagula chilolezo, kulembetsa malo ku ofesi, kuwayeza, nkubweza mapepala nthawi isanathe kuti alandire chikalata chomaliza. Malire ankawatchula ndi mitengo ndi timitsinje, choncho munda umodzi unkapezeka uli ndi eni atatu. Wopambana kukhoti adali wa mapepala olongosoka ndi loya wabwino. Boone ankadziwa nkhalango, mapepala ankawanyalanyaza. Amene adagula malo kwa iye nkuwataya adamusumira, ndipo malo ena boma lidagulitsa chifukwa cha msonkho wosalipidwa. Mu 1798 khoti lidalamula kuti amangidwe chifukwa chosabwera kumlandu, pamene nyumba ya malamulo inkatcha dera lina dzina lake. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Pepala lomwe lidalanda dziko la a Shawnee ndi lomwe lidalanda la Boone.

Ku Missouri, akuluakulu a Spain adamupatsa maekala pafupifupi 850 ndi udindo woweruza milandu ya m'dera la Femme Osage. Posakhalitsa dzikolo lidapita kwa France, ndipo mu 1803 United States idaligula. Boma latsopano lidakana chikalata cha Boone chifukwa sadakhalepo ndi kulima malowo. Nyumba ya malamulo ya dziko idamubwezera mu 1814, patatha chaka Rebecca atamwalira, ndipo iye adawagulitsa kuti alipire ngongole zakale za ku Kentucky. Adamwalira pa 26 September 1820 m'nyumba ya mwana wake Nathan, ali ndi zaka 85.

Timuweruze bwanji?

Kutchuka kwa Boone kudayamba mu 1784 ndi buku la John Filson lonena za Kentucky, lomwe lidamasuliridwa m'Chifalansa ndi m'Chijeremani. Filson adali ndi malo ambiri ku Kentucky, ndipo ankafuna kuti anthu asamukireko mitengo ikwere. Ophunzira, musanakhulupirire buku lililonse la mbiri, funsani kuti wolembayo akupindulapo chiyani.

Zabwino za Boone tisazibise. Pa akasupe a mchere adalola kuti mbiri yake ide kuti anthu asafe. Mu 1780 adamubera ndalama pafupifupi madola 20,000 akugona m'nyumba ya alendo ku Virginia, zambiri mwa izo za anansi omwe adamutuma kukawagulira zilolezo za malo. Ena adamukhululukira, ena adafuna zawo, ndipo adatha zaka akubweza. Mu 1787 adathandiza kusinthana akaidi pakati pa Azungu ndi a Shawnee. Ali wokalamba ku Missouri ankachezerana ndi a Shawnee ena omwe adakhala nawo pa ukaidi uja, amenenso adali atasamukira kumeneko.

Zoipa zakenso tisazibise. Adachenjezedwa ndi eni malo ndipo adabwerera ndi nkhwangwa. Adatentha chakudya cha anthu nyengo yozizira ili pafupi. Adagula ndi kusunga akapolo. Kulimba mtima kwake kudali koona, koma kulimba mtima sikusandutsa cha mnzako kukhala chako. Njira yomwe adalambula sidathere pa Boonesborough. Mu 1830 boma la America lidakhazikitsa lamulo losamutsa eni nthaka, ndipo m'zaka zotsatira a Shawnee ndi a Cherokee adathamangitsidwira kutsidya kwa Mississippi. Ambiri mwa zidzukulu zawo lero ali ku Oklahoma.

Tikabwerera ku funso lathu, yankho la nkhwangwa linkati malo ndi a wolimba mtima. Yankho la khoti linkati ndi a wosunga pepala. Amene ankasaka m'menemo Boone asanabadwe adapereka yankho lawo mu December 1769, mwaulemu, nasiya alendowo amoyo. Palibe amene adawamvera.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Kodi Boone adachita bwino kulonjeza Blackfish chinthu chomwe sankafuna kuchita? Ngati ayi, akadachita chiyani pa 7 February 1778?

2. Pa mapangano a ku Fort Stanwix ndi ku Sycamore Shoals, ndani adagulitsa, ndani adagula, ndipo ndani sadafunsidwe?

3. Ku Blue Licks, Boone adadziwa kuti kuli msampha koma adawoloka ndi anzake. Inu mukadakhala mtsogoleri, mukadatani? Tchulani nthawi ina imene mudachita chinthu pongoopa kusekedwa.

4. London adafera linga la anthu amene ankamusunga ngati kapolo. Kodi nkhondo ya ufulu idamupindulira chiyani?

5. Kwa makolo: fotokozerani ana anu malire a munda kapena puloti yanu, amene adakupatsani kapena kukugulitsani, mboni zomwe zidalipo, ndi kumene mapepala ake amasungidwa.